Tsache la Chingerezi ndi tsache la agogo

Funsoli linachokera kumbuyo kwenikweni kwa kalasi, kwa mtsikana wa Fomu 2 amene salankhulalankhula. Tsiku limenelo ndinabwera ndi nyuzipepala yakale kuti tiwerengere limodzi, poti mabuku a Chingerezi pasukulu pathu ndi ochepa, buku limodzi amaunjikanapo ana asanu. Pamutu wa nkhani ina panalembedwa kuti chipani chakutichakuti "swept all the seats" m'boma lina. Mtsikana uja anakweza mkono pang'onopang'ono.

"Madamu, munati sweep ndi kusesa. Ndiye kuti chipanicho chinasesa mipando? Inali ndi fumbi?"

Anzake anaseka. Iye sanaseke, inenso sindinaseke, chifukwa funso lake linali m'malo mwake. Masiku angapo m'mbuyomo ndinali nditalemba ndekha pabolodi kuti sweep ndi kusesa, n'kuwauza aloweze pamtima kuti zikachitika kale timati swept, osati sweeped, monga keep amasanduka kept, sleep n'kukhala slept, weep n'kukhala wept. Ndinawapatsa ndi chiganizo chomwe cha mtsikana wosesa pabwalo. Ndiye lero ndawabweretsera chipani chandale chitanyamula tsache. Ndinamuyankha mwachidule kuti apa akutanthauza kuti chinapambana mipando yonse osasiyako ndi umodzi womwe. Belu linalira, ana anatuluka. Koma funso lija ndinapita nalo kunyumba.

Usiku umenewo ndinatsegula mtanthauziramawu wanga wothothoka chikuto uja. Mneni mmodzi yekhayu watenga malo aakulu patsamba, ndipo matanthauzo onena za tsache ndi fumbi ndi ochepa chabe. M'Chingerezi mphepo imasesa chigwa. Moto umasesa tchire, mliri umasesa mzinda, fashoni yatsopano imasesa dziko. Mayi wodzimva ulemerero akalowa m'chipinda mutu uli m'mwamba, diresi likukwekwereza pansi, amati "she swept into the room". Maso a mphunzitsi akayenda kuchokera pakona iyi ya kalasi kukafika pakona iyo, asesa. Msewu ukazungulira phiri mokhota bwino, monga uja wokwera ku Zomba, nawonso akuti ukusesa. Tsitsi lopesera kumbuyo ndi losesedwa. Ngakhale kamuvi ka wotchi kowerenga masekondi kamatchedwa ndi mawu omwewa.

Nditawerenga kawiri ndinaona chimene chikumanga zonsezi pamodzi. Ukhondo mulibemo. Chimene chilimo ndi mkono: kutambasula kamodzi, motakata, mwaliwiro, osaima panjira. Ndipo mbiri ya mawuwa ikuvomereza. M'Chingerezi chakale cha zaka zoposa 1,000 zapitazo munali mneni woti swapan, amene ankanena za tsache komanso za kuthamanga kwa mphepo kapena kugwedeza lupanga. Mneni ameneyu ndiye kholo la swoop, kutsika kuja kwa kabawi akamadzakwatula mwanapiye. Akatswiri a mbiri ya mawu amaikanso swipe m'banja lomweli, swipe yemweyu amene timachita ndi chala pafoni kapena ndi khadi la kubanki. Banja lonseli ndi la dzanja lodutsa kamodzi.

Ine kusesa ndinaphunzira kwa agogo anga aakazi ku Ntcheu, kumene ndinakulira. Anali ndi matsache awiri ndipo sankalola kuti asinthanitsidwe. La m'nyumba linali la udzu wofewa, lomanga ndi luzi, lalifupi moti umasesa utawerama, dzanja lamanzere lili kumsana. La panja linali la timitengo touma, lokanda, lija limadzutsa mudzi nkhuku zikangotuluka m'khola. Asanayambe ankawaza madzi ndi dzanja kuchokera m'chidebe kuti fumbi ligone. Ankayambira pakhomo kulowera kunjira, ndipo pomaliza ankabwerera chafutambuyo akusalaza, kuti mapazi awo asadinde pomwe adutsa kale. Bwalo lonse linkatsala ndi mizere yokhotakhota ngati mamba a chambo, moti mlendo wofika m'mawa ankachita manyazi kupondapo.

Koma chimene chinandikhala mumtima ndi maso awo. Kamulu ka zinyalala kakaunjikana, agogo ankanyonyomala n'kutakasa ndi chala asanawole. Njere za chimanga zogwa pokonola ankaziika padera, zimenezo n'za nkhuku. Batani la malaya a agogo aamuna linkalowa pansonga ya chitenje. Khobidi, msomali wopindika, nthanga ya dzungu, mkanda umodzi wothothoka, chilichonse chinali ndi kokabwerera. Tsiku lina, ndili ndi zaka ngati 8, ndinasesa mwaphuma kuti ndithamangire kusukulu, n'kukakhuthula zonse kudzala. Madzulo agogo anafuna singano yawo. Sanandimenye. Anangondigwira padzanja kupita nane kudzala, tinanyonyomala limodzi mpaka tinaipeza dzuwa litafiira. Pobwerera anati, "Mwanawe, tsache lilibe maso. Maso ndi ako."

Ankaletsanso kusesa usiku, ati umasesa mwayi wa pakhomo. Nditakula ndinazindikira kuti m'nyumba younikira koloboyi sungaone chimene ukutaya, ndipo lamulo lija linali la singano yomweyo.

Chingerezi, m'matanthauzo ake ambiri, chinatenga mkono wa agogo n'kusiya maso awo. Taonani anyamata a njuga pansi pa mtengo kumsika. Aliyense waponya yake pakati, makhadi atembenuzidwa, wopambana atambasula dzanja n'kukokera zonse kwa iye, ndalama zachitsulo, zapepala, ngakhale chitsekerero cha botolo chimene chinagwera pamenepo. Mawu oti sweepstake anabadwa choncho, wosesa zonse zimene anthu abetcherana, ndipo kenako anadzakhala dzina la mpikisano wa mwayi. M'bale wake ndi "clean sweep", kupambana kosasiyira mnzako ngakhale chonyambita. Ku America matimu a basketball ndi baseball akamalimbirana chikho amakumana mpaka kasanu ndi kawiri, wofika pa zipambano 4 ndiye watenga. Timu ikapambana masewero 4 oyambirira motsatizana amati yasesa, ndipo ochemerera ena amapita kubwalo atanyamula matsache enieni. Mu 1943 sitima yankhondo ya America yoyenda pansi pa madzi, USS Wahoo, inabwerera ku Pearl Harbor itamangirira tsache pamwamba pake, kuuza onse kuti yasesa nyanja. M'sitima zimene inamizazo munali anthu.

Yankho la mtsikana wanga uja lili m'gulu limeneli. Pa chisankho cha 1994, choyamba cha zipani zambiri titachoka mu ulamuliro wa chipani chimodzi, AFORD ya Chakufwa Chihana inatenga mipando yonse 33 ya aphungu m'chigawo cha kumpoto. Kumeneko ndiye kusesa kwa Chingerezi. Ku India chipani cha Aam Aadmi, chimene chizindikiro chake ndi tsache, chinatenga mipando 67 mwa 70 ya nyumba ya malamulo ya Delhi mu 2015. Chaka chomwecho APC ya ku Nigeria, nayonso ya tsache, inalowetsa Muhammadu Buhari m'boma. Andale amalikonda tsache chifukwa limanena zinthu ziwiri nthawi imodzi: tidzachotsa katangale, ndipo tidzatenga zonse. Masiku ano ngakhale owerenga nkhani pawailesi m'Chichewa amati chipani chasesa mipando, kapena woimba wasesa mphoto, ndipo khutu lazolowera. Ine sindidana nazo, chiyankhulo chimabwereka ngati mmene timabwerekerana mchere. Koma agogo akanati chipanicho chakokota m'mbale, chatenga zonse psiti.

Palinso timiyambi tating'ono timene ndimaphunzitsa chaka ndi chaka. Mwana akalemba mu chimangirizo kuti anthu onse a m'tauni ndi akuba, ndimalemba ndi cholembera chofiira m'mphepete kuti "sweeping statement", mawu okokera aliyense pamulu umodzi. Nkhani yochititsa manyazi ikabisidwa, Angerezi amati yaseseredwa pansi pa kapeti, chithunzi cha wantchito waulesi amene amakankhira fumbi pomwe bwana sayang'ana. Ife timati nkhaniyo yakwiriridwa kapena yavundikiridwa, ndipo kunsi kwa mphasa yathu sikubisika fumbi, kumabisika kampeni. Bwana watsopano akafika ndi ukali wosintha zonse, iwo amati tsache latsopano limasesa bwino, mawu amene nthawi zambiri amanenedwa ndi anthu amene akudikira kuti tsachelo lithe mano. Ana anga amafulumira kufanizira ndi mwambi wathu woti mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, koma si zofanana. Wathuwu umalemekeza nzeru za wobwera. Ndipo mtsikana akatengeka ndi mnyamata mpaka kuiwala kudya, amati mnyamatayo "swept her off her feet", ngati kuti mtsikanayo ndi tsamba louma. Kwathu timati wamuba mtima, anzake n'kumanong'onezana kuti anamudyetsa.

Ndinganame nditati Chingerezi chinataya maso onse. Pali malo angapo pamene wosesa wake amaona kuposa wina aliyense, ndipo malo oyamba ndinawamvera pa wailesi ya bambo anga Loweruka masana, akuulutsa mpira wamiyendo. Swipa. Osewera ena otchinga kumbuyo aliyense ali ndi munthu wake womulondera, koma swipa alibe. Amaima kumbuyo kwa onse, kuyang'ana bwalo lonse, kuti mpira ukadutsa anzake iye akhale ali pomwepo kale. Ku Italy amamutcha libero, womasuka, ndipo Inter Milan ya Helenio Herrera inamanga mpanda wake wotchuka wa m'ma 1960 pa Armando Picchi. Franz Beckenbauer, amene anatsogolera West Germany kutenga chikho cha dziko lonse mu 1974, anaisandutsa ntchitoyi kukhala ya mfumu. Sankangochotsa mpira ayi, ankautenga n'kuyenda nawo mpaka pakati, mutu uli chilili. Mu 2014, Germany ikusewera ndi Algeria ku Brazil, goloboyi Manuel Neuer ankatuluka m'bokosi mwake kukachotsa mipira kutali ndi golo mobwerezabwereza, moti mawu oti "sweeper-keeper" anafika pakamwa pa aliyense. Swipa wabwino sathamanga kwambiri. Amadziwa pomwe mpira ugwere.

Malo achiwiri ndi olemera. Ife a ku Ntcheu tinakula malire a Mozambique ali kutsidya kwa msewu, ndipo anthu othawa nkhondo tinkatunga nawo madzi pachitsime chimodzi. Panthawi ina m'Malawi munali anthu pafupifupi 1 miliyoni ochokera kumeneko. Nkhondo itatha mu 1992 anabwerera kwawo n'kupeza kuti minda, njira ndi milatho zatcheredwa mabomba okwirira. Pofufuza mabomba otere Chingerezi chimati "sweep for mines", ndipo palibe kusesa kwina kodekha ngati kumeneku. Munthu amagwada, kuyendetsa chida chake pamwamba pa nthaka pang'onopang'ono, kachidutswa kalikonse ka chitsulo kakalira amaima n'kukumba ndi nsonga. Bungwe la APOPO linaphunzitsa ngakhale abwampini kununkhiza mabombawo, poti ndi opepuka ndipo sangawaphulitse. Mozambique inalengeza mu September 2015 kuti malo onse odziwika a mabomba ayeretsedwa, patatha zaka zoposa 20. Anthu amenewo agogo akanawamvetsa.

Pali tanthauzo lina limene ndinalipeza mochedwa, ndipo silinandichoke. M'Chingerezi munthu akhoza kutchedwa "a sweep", mneni weniweniwo kukhala dzina lake, ngati kuti kwathu titamatchula munthu kuti Sesa. Amene ankatchedwa choncho ndi osesa m'machumuni. Nyumba za ku London ndi mizinda ina ya ku Britain zinkafunditsidwa ndi malasha, ndipo mwaye ukaunjikana m'chumuni nyumba inkatha kugwira moto. Machumuni ambiri anali opapatiza, ena masentimita 23 okha mbali iliyonse, komanso okhotakhota. Munthu wamkulu sakanalowamo. Ndiye ankalowetsamo ana, ambiri a iwo amasiye kapena ochokera m'mabanja osaukitsitsa, ena asanakwane n'komwe zaka 7. Mwana ankakwera ndi mawondo ndi zigongono, mumdima, akupala mwaye ndi kaburashi pamwamba pa mutu wake, mwayewo ukumugwera kumaso. Ena ankakanirira m'kati n'kubanika.

Mu 1775 dokotala wa ku London, Percivall Pott, analemba kuti amuna amene anakulira m'ntchitoyi ankadwala khansa ya kumaliseche chifukwa cha mwaye wokhalitsa pakhungu. M'mbiri ya zachipatala aka kamawerengedwa kuti ndi koyamba kulumikiza khansa ndi ntchito imene munthu amagwira. Nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo mu 1788 loti mwana wosakwana zaka 8 asalembedwe ntchitoyi, ndi lina mu 1840 loletsa aliyense wosakwana zaka 21 kukwera m'chumuni. Malamulowo anangokhala pamapepala. Zinatheka mu 1875, mnyamata wina atakanirira m'chumuni cha chipatala ku Fulbourn pafupi ndi Cambridge n'kumwalira, pamene Lord Shaftesbury anakankha lamulo loti wosesa machumuni aliyense akhale ndi chiphaso chochokera kupolisi. Kuchokera pa zimene Pott analemba mpaka pamenepo panadutsa zaka 100. Chodabwitsa n'chakuti mpaka lero ku Britain kuli chikhulupiriro choti mkwatibwi akakumana ndi wosesa chumuni patsiku la ukwati ndiye kuti ndi mwayi.

Ndikawerenga zimenezi ndimakumbuka amayi aja amene amasesa misewu ya Blantyre ndi Lilongwe m'bandakucha, atamanga kansalu kukamwa, maminibasi akuwadutsa mphepete. Tikamafika ife m'tauni iwo amakhala atamaliza, ndipo msewu woyera timangouona ngati unadziyeretsa wokha. Ndimakumbukanso kuti m'sukulu zathu mwana wochedwa chilango chake ndi tsache. Ndinazichitapo inenso kwa zaka zambiri, mpaka ndinadzifunsa kuti ndikuwaphunzitsa chiyani ana za amayi aja, ndi za agogo anga.

Tsopano ndifike pamene mneni ameneyu anandipweteka.

Sukulu yathu ili m'munsi mwa phiri la Mulanje. Mu March 2023 namondwe wa Freddy atafika, mvula inagwa masiku angapo osakata, ndipo mapiri anatsika. Ku Chilobwe mu Blantyre matope ndi miyala zochokera m'phiri la Soche zinakwirira nyumba anthu ali m'kati. Ku Chiradzulu, ku Phalombe, kuno ku Mulanje, chimodzimodzi. Anthu oposa 600 anatsimikizika kuti afa, ndipo mazana ena sanapezeke. Akuluakulu ankangoti Napolo wadutsa, monga anadutsira ku Zomba mu 1946 ndi ku Phalombe mu 1991. Makalasi athu anasanduka malo ogona. M'kalasi momwe ndinkaphunzitsira aneni munagona mabanja, madesiki ataunjikidwa kukona.

Bungwe lina linabwera kudzalemba mayina, ndipo aphunzitsi tinapemphedwa kuthandiza. Mafomu anali a Chingerezi. Funso lina linkafuna kudziwa zimene zinali "swept away". Mnyamata amene ndinakhala naye patebulo, wofatsa ndi waulemu, anali atagwira ntchito kuyambira m'mawa osadya, ndipo ankamasulira mafunso pomwepo. Kutsogolo kwake kunakhala mayi wachikulire atafunda chitenje chobwereka. Mnyamatayo anafunsa, "Amayi, tatiuzani zinthu zimene madzi anasesa pakhomo panu."

Mayiwo anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anayankha motsitsa mawu, "Anasesa? Mwana wanga, mdzukulu wanga sanali chinyalala."

Mnyamatayo anagwetsa nkhope n'kupepesa, ndipo tsiku lonselo sanabwerezenso mawu aja. Analibe cholinga choipa. Anangotenga tanthauzo loyamba limene mphunzitsi wina ngati ine anamulembera pabolodi. Koma mayi aja anamva chimene mawuwo amanyamula m'Chichewa. Kwathu kusesa kuli ndi chigamulo m'kati mwake: chimene chasesedwa n'chosafunika, ndipo pamene pasesedwa pakongola. Madzi sasesa. Madzi amakokolola. Kukokolola kumatenga nthaka yachonde, mbuzi, mlatho, nkhokwe ndi mwana, ndipo kumasiya chigwembe. Mngerezi akati "swept away" samva chinyalala, amamva mphamvu ya mkono uja. Ife tikamasulira mawu ndi mawu timalowetsamo dzala.

Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kumva ndi khutu lina mawu amene ndinali nditawawerenga m'nyuzipepala zathu kwa zaka zambiri osawaganizira: "sweeping exercise". Awa ndi mawu a Chingerezi cha ku Malawi, amene m'Chichewa timati chipikisheni. Kawirikawiri zimachitika Khirisimasi ikayandikira kapena umbava ukachuluka pamalo. Galimoto imazungulira usiku m'malo omwera mowa, m'madepoti ndi m'misika, ndipo m'mawa timamva kuti anthu makumimakumi agwidwa. Sindikukana kuti akuba alipo, ndipo munthu amene anathyoleredwapo nyumba amafuna kuona apolisi akugwira ntchito. Koma taganizani za amene amapezeka panja usiku. Ndi mayi wogulitsa chimanga chootcha, mlonda wochokera kuntchito, mnyamata wa kabaza, mwana wa m'misewu, mlendo amene basi yamutula mochedwa. Wokhala ndi galimoto yake sasesedwa.

Kwa zaka zambiri anthu otere ankaimbidwa mlandu wa vakabu, mawu amene tinawatenga ku "rogue and vagabond", lamulo limene atsamunda anabwera nalo kuchokera ku malamulo a ku England a m'zaka za m'ma 1800. Mu January 2017 bwalo lalikulu la milandu linagamula kuti gawo 184(1)(c) la malamulo a milandu likusemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Anakasuma anali wamalonda wamba wa ku Blantyre, amene anagwidwa m'bandakucha akupita ku Limbe kukagulitsa majumbo. Mu 2022 bwalo lalikulu ku Zomba linagamulanso kuti kugwira anthu mwachisawawa kotereku n'kosaloledwa, pa mlandu wa anthu amene anagwidwa ku Kasungu mu 2018. M'zigamulo zonse ziwiri mfundo ndi imodzi: wapolisi ayenera kukhala ndi chifukwa chomuganizira munthu uyu, payekha, asanamugwire. Ndi kunyonyomala kuja n'kutakasa ndi chala.

Abale athu a ku Zimbabwe anaona kumene mawu otere amakathera. Mu May 2005 boma linayamba Operation Murambatsvina, dzina la Chishona lonena za kukana uve. Misika ya m'mphepete mwa misewu ndi nyumba zimene ankati n'zosavomerezeka zinagwetsedwa ku Harare, ku Bulawayo ndi m'matauni ena, m'nyengo yozizira. Nthumwi ya United Nations, Anna Tibaijuka, inalemba kuti anthu pafupifupi 700,000 anataya nyumba, potulukira ndalama, kapena zonse ziwiri. Anauzidwa kuti abwerere kumudzi. Pakati pawo panali zidzukulu za Amalawi amene anapita kukagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu kalekale, anthu obadwira komweko amene analibe mudzi wobwererako. Ukangomutcha munthu uve, tsache limabwera lokha.

N'chifukwa chake masiku ano ndikafika pa mneni ameneyu sindilembanso pabolodi kuti sweep ndi kusesa basi. Timatenga tsiku lonse la phunziro. Ndimabwera ndi ziganizo zodula m'nyuzipepala, ndipo pa chilichonse ana amafunsa kuti akusesa ndani ndipo chikusesedwacho n'chiyani, kenako amafufuza mneni wa Chichewa woyenera. Amapeza kukokolola, kukokota, kufalikira, kupsereza, kumwaza maso, kukwekwereza, kugwira mwachisawawa. Amatsutsana mpaka belu kulira, makamaka pa za moto ndi mliri. Mtsikana uja wa funso anamaliza Fomu 4 kalekale, koma phunziro limeneli ndimalitchulabe dzina lake mumtima.

Chaka china mnyamata wina anandibwezera funso. Anati, "Madamu, nanga kusesa kwa pamaliro pa Chingerezi amati chiyani?" Ndinamuuza kuti mneni wawo, ndi matanthauzo ake onse aja, pamenepo safikapo.

Agogo anamwalira m'nyengo yokolola. Tinawaika Lachinayi, ndipo Lachisanu m'mamawa linali tsiku losesa. Anthu ochokera kutali anali atayamba kubalalika, patsala abale ndi anansi. Anyamata anakachotsa masamba aja timaika pamsewu posonyeza kuti pano pali zovuta. Amayi anatulutsa mphasa zonse m'nyumba ya siwa n'kuzikung'untha, anawola phulusa la moto umene abambo ankaothera usiku, anatola mapesi ndi zikoko za nzimbe zimene khamu linasiya. Pambuyo pake tinakhala pansi pa mtengo wa mango, amalume n'kufunsa ngati alipo amene malemu anali naye ngongole, kapena amene anali ndi ngongole kwa malemu. Mayi wina woyandikana nafe anaimirira n'kunena kuti anabwereka lichero. Wina anati agogo anamusungitsa nkhuku ziwiri. Zonse zinatchulidwa, chimodzichimodzi, mpaka panalibe chotsala.

M'nyumbamo munasesa azakhali, mwana wamkulu wa agogo, ndi tsache lija la udzu. Ine ndinaima pakhomo nditanyamula chowolera. Anayambira kuchipinda, kuseri kwa mtsuko, pansi pa bedi, kutulukira pabalaza, mpaka kamulu kanafika pamapazi anga. Ndinawerama kuti ndiwole, koma anandigwira mkono. "Tadikira, mwana wa achimwene." Ananyonyomala, mawondo akulira, n'kuyamba kutakasa ndi chala. Anatola njere zitatu za nyemba, kenako batani loyera. Kenako anatola singano, ulusi wakuda ukadali kubowo. Anaipukuta pachitenje, naibaya pa duku lawo, ndipo anandiuza kuti tsopano ndikhoza kukataya.